Kodi ndingadule nthambi za mtengo wa aneba zomwe zalowa kwathu?

Abale, ndithandizeni nzeru, makamaka inu odziwa za malamulo. Ndimakhala ku Chilenje, mu Lusaka, ku Zambia. Aneba anga ali ndi mtengo waukulu wa mapeyala womwe uli pafupi kwambiri ndi mpanda wotilekanitsa. Tsinde lili kwawo, koma nthambi zikuluzikulu zawolokera kwathu mpaka kugona pamalata a kanyumba ka kuseri komwe ndimachititsa lendi. Mphepo ikamawomba zimakwecha malata usiku wonse, alendi akudandaula. Choopsa kwambiri ndi mizu: yang'amba mpanda m'munsi, mng'alu wake chala chimalowa.

Ndinapita kukawaona mwaulemu. Bambo a pakhomopo anangoti, "Amayi, mtengo uwu anabzala ndi malemu bambo anga, palibe woukhudza." Sindikufuna mkangano, ndi anthu omwe timathandizana pamaliro, koma mvula ya mu Novembala yayandikira.

Kodi lamulo la kuno limandilola kudula nthambi zomwe zili mbali yanga iwo asanavomere? Ena akuti ndidule, koma nthambizo ndi zipatso zake ndiwabwezere poti ndi zawo. Ena akuti ndiyambe ndapita ku Lusaka City Council, ku Civic Centre. Nanga mpanda ukagwa, alipire ndani? Poti za mabikoni a malire sitikutsutsana, nkhaniyi ndi ya ku Local Court kapena ku Lands Tribunal, bwalo loweruza milandu ya malo? Komanso Forests Act ya 2015, lamulo la za nkhalango, imakhudza mitengo ya pakhomo?

Amene zinakuchitikiranipo, munayambira pati?