Wi-Fi sikufika kunyumba yakuseri ndi kushedi, ndichite bwanji?

Funso:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Rauta ili m'nyumba yaikulu ya njerwa, yofolera malata. Nyumba ina ili pa mtunda wa mamita 60, shedi ili pa mamita 180, ndipo pakati pali mitengo. Ndigule repeater (kachipangizo kolandira siginolo n'kuitumizanso patsogolo), kapena rauta yamphamvu kuposa iyi?

Yankho loyamba:
Zonse ziwirizo musataye nazo ndalama. Rauta ngakhale ifuule chotani, foni yanu mawu ake ndi ochepa, siingayankhe ili kutali. N'chifukwa chake mumaona timizere ta siginolo tilipo koma tsamba osatseguka. Repeater wamba nayo imalandira ndi kutumiza pa wailesi imodzi yomweyo, liwiro limatsika pafupifupi ndi theka.

Kunyumba ya mamita 60 kokerani waya wa netiweki wa mtundu wa Cat6 wopangidwira panja, muulowetse m'paipi, mukwirire. Malire a waya umenewu ndi mamita 100. Kumapeto kwake ikani access point (kachipangizo kofalitsa Wi-Fi) ya PoE, kutanthauza kuti magetsi azidzera mu waya womwewo. Pogula wayayo yang'anitsitsani bokosi. Ukalembedwa CCA, umenewo ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa. Umathyoka msanga ndipo PoE umaitaya m'njira.

Yankho lachiwiri:
Kushedi, mamita 180 apyola malire a waya wa kopa. Mwina mukoke fiber (waya wotumiza uthenga ndi kuwala), muike media converter (kabokosi kolumikiza fiber ndi waya wa kopa) mbali zonse ziwiri, kapena mugule ma bridge (timawailesi tolumikiza malo awiri popanda waya) awiri a 5 GHz oyang'anizana. Koma ma bridge amafuna kuonana popanda chotchinga. Masamba a mitengo, makamaka akanyowa ndi mvula, amameza siginolo, ndiye ma bridge aja muwakweze pamwamba kupitirira nthambi.

Mitengoyo ikakhala yothinana, sankhani fiber basi. Siinyamula magetsi, choncho mphezi ilibe podzera. Waya wa kopa wolumikiza nyumba ziwiri umatha kubweretsa mphamvu ya mphezi n'kupsereza ma port. Pa wa mamita 60 uja ikani surge protector (kachipangizo kotchinga mphamvu ya mphezi) mbali zonse, yolumikizidwa ku earth.

Yankho lachitatu:
Achimwene anenazo n'zoona, ndingowonjezerapo za makonzedwe. Mukasandutsa rauta yakale kukhala access point, zimitsani DHCP yake (mbali imene imagawa ma IP, manambala ozindikiritsa chipangizo chilichonse pa netiweki) ndipo waya ulowe pa port yolembedwa LAN, osati WAN. Apo ayi marauta awiri azilimbirana kugawa ma IP, intaneti izingobwera n'kupita. Dzina la netiweki ndi pasiwedi zikhale zofanana ponseponse, koma matchanelo a 2.4 GHz asiyane: 1, 6 ndi 11, pa 20 MHz.

Shediyo ngati ndi ya malata okhaokha, access point ikhale mkati. Malata amabweza siginolo ngati kalilole, ya panja siilowa.