Kodi injini ya mahosipawa 15 ingalimbane ndi Shire nthawi ya dzinja?

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru. Ndagula boti lamatabwa ndi injini ya Yamaha ya mahosipawa 15 imene inagwirapo kale ntchito, ndipo cholinga changa n'choti ndizituta mbatata ndi chimanga cha kudimba kuchokera tsidya la Makhanga kubwera nazo ku Bangula. Kuti ndipeze ndalama zake ndinagulitsa ng'ombe ziwiri, ndipo mayi a kunyumba sanasangalale nazo, moti mpaka lero akandiona ndikupukuta injiniyo amalowa m'nyumba osandipatsa moni. Mlamu wanga, amene anandibwereka ndalama chaka chatha osabweza, ndiye akuyendayenda m'mudzi kuuza anthu kuti ndikamira. Kodi injini imeneyi ingakwanitse kuwoloka mu Januwale ndi Febuluwale?

Mkulu wa ku Nkhotakota: Achimwene, ine ndayendetsa maboti panyanja zaka 30, ndipo ndikukuuzani kuti munthu amene sanakumanepo ndi mwera pakati pa nyanja mu Julaye sadziwa madzi. Shire ndi mtsinje chabe. Injini ya 15 ndi yomwe asodzi ambiri kuno amapita nayo kutali usiku, ndiye musadere nkhawa.

Mayi a ku Nsanje: Bambo a ku Nkhotakota, nyanja ilibe liwiro ngati la mtsinje. Pa Chiromo mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, ndipo Ruo amachokera kuphiri la Mulanje, choncho madzi amatha kukwera mwadzidzidzi kuno kukuwala dzuwa, atanyamula mitengo yathunthu ndi nthochi zozulidwa. Ife tinaona zimenezi mu Januwale 2015 ndiponso nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene ndinataya mbuzi zanga zonse ndi katundu wa m'nyumba.

Mkulu wa ku Nkhotakota: Mayi, mukunena za kusefukira kwa madzi, koma mwini funso akufunsa za injini. Wamisala yekha ndi amene angalowe pamadzi tsiku la namondwe.

Makaniko wa ku Liwonde: Mwini funso, simunatiuze kutalika kwa botilo ndi kuchuluka kwa matumba amene mukufuna kunyamula, ndipo popanda zimenezi palibe angakuyankheni moona. Chimene ndingakuchenjezeni ndi namasupuni. Udzu umenewu umakulunga pulopela ndi kutseka timabowo tolowera madzi oziziritsa injini, choncho muziyang'ana kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo kwa injini, ndipo kakasiya kutuluka muzimitse nthawi yomweyo. Poyesa injini koyamba mulowere kumtunda, kuti ikazima madzi akubwezereni kudooko kwanu.

Mnyamata wa ku Limbe: Langizo langa n'lakuti ulendo woyamba mukwezemo mlamu wanuyo, ndipo mukafika pakati pa mtsinje muzimitse injini n'kumufunsa za ngongole ija.

Agogo a ku Chikwawa: Mwana wanga wa ku Limbe, ng'ona za mu Shire si zochitira nthabwala. Mphwanga anagubuduzidwa ndi mvuu ya mwana chakumadzulo, akuchokera kudimba, ndipo anapulumuka chifukwa chogwira bango mpaka kutacha. Mvuu imatuluka kukadya kukamada ndipo imabwerera m'madzi mbandakucha, ndiye nthawi zimenezo bwato lisayende m'mphepete mwa bango.

Mkulu wa ku Nkhotakota: Agogo, mvuu imathawa phokoso la injini. Vuto la anthu a masiku ano n'losadziwa kusakaniza petulo ndi oyilo, basi. Ine ndimangoyang'ana mtundu wake m'chigubu n'kudziwa kuti zakwana.

Makaniko wa ku Liwonde: Pepani akulu, injini zambiri zimene zimabwera kwa ine zitauma ndi za anthu oyeza ndi maso. Muyezo wake umalembedwa m'buku la injiniyo. Za mvuunso sindikugwirizana nanu, chifukwa kuno ku Liwonde zinazolowera maboti a alendo ndipo sizisuntha.

Mphunzitsi wopuma: Ndikudabwa kuti palibe watchula majekete oyandamitsa munthu. Bambo, ngati munali ndi ndalama ya injini, jekete isakukanikeni, ndipo mwana wa eni asakwere alibe yake. Musasiyenso nkhafi ziwiri, nangula wa chingwe chachitali ndi chidebe chokapira madzi. Mufunsenso ku dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi za kalembera wa botilo musanayambe kunyamula anthu.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Kunena zoona, mlamu wangayo ndi amene akusokoneza mayi a kunyumba, chifukwa iyeyo ankafuna kuti ng'ombezo zikalime munda wake. Majekete ndiyesetsa ndikagulitsa mbatata zoyamba.

Makaniko wa ku Liwonde: Bambo, ndikufunsanso kachiwiri: botilo ndi lalitali mamita angati, ndipo mukakweza matumba pamatsala mpata wotani kuchokera pamadzi kufika pamilomo pake?

Mkulu wa ku Nkhotakota: Zimenezo n'zosafunika kuyeza. Langa linali lalifupi kuposa onse padooko lathu, koma ndinafika nalo ku Likoma.