Za ulendo wa amayi uja, atsikira ku Chileka

Sabata yatha ndinafunsa ngati amayi, pobwera kuno ku Ntcheu kuchokera ku Johannesburg, atsikire ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Zikomo nonse amene munandithandiza.

Mumlengalenga, kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu kufika ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 250, ndege simatha ndi ola limodzi lomwe. Pamsewu wa M1 ndi opitirira 300, maola ngati asanu. Ntcheu ili pakatikati, koma bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzinda, ndiye mumayamba mwalimbana ndi magalimoto a m'tauni musanaone Dedza. Amayi msana umawavuta, sindikufuna akhalitse m'galimoto. Tawagulira tikiti ya ku Chileka, tidzadutsa pa Zalewa ndi pa Chingeni.