Apongozi anga ndi a Sabata, ndikawadyetse chiyani ku New Orleans?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse pagulu pano. Dzina ndabisa dala chifukwa alamu anga ali momwemuno, ndipo sindikufuna adziwe kuti nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Mwezi wa Meyi mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, akumaliza maphunziro a zaumoyo ku Tulane University ku New Orleans. Apongozi anga onse awiri apeza visa, akubwera kuchokera ku Makwasa, ndipo ndi koyamba kukwera ndege. Ife timakhala ku Houston, ndiye tidzapita nawo pagalimoto, ulendo wa maola ngati 6 pamsewu wa I-10. Amuna anga andipatsa ntchito imodzi yokha: ndipeze malo abwino oti tikadye tonse, anthu 6, mwambo ukatha. Ndalama zilipo madola 400.

Vuto ndi ili. Apongoziwa ndi a Seventh Day enieni, osati a dzina chabe. Bambo ndi mkulu wa mpingo. Nkhumba ayi, mlamba ayi, chilichonse cha m'madzi chopanda mamba ayi, mowa ngakhale wothira m'chakudya ayi, khofi ayi. Ndatsegula ma menu usiku wathawu mpaka mutu kuima. Paliponse ndi nkhanu, za m'madzi za zigoba monga shrimp, oyster ndi crawfish, komanso soseji. Ndinasangalala nditaona nyemba ndi mpunga, kenako ndawerenga kuti nyembazonso amaphikira nkhumba.

Ine ndinakwatiwa tili kuno, apongoziwa ndinangoonana nawo kawiri. Sindikufuna akanene kumudzi kuti mpongozi wa ku Amerika anatipititsa kodyetsa zonyansa. Komanso kuwapititsa kogula baga pa tsiku lalikulu chonchi ndi manyazi. Amene munafikako, ndithandizeni: tipite kuti, tiitanitse chiyani, ndipo ndalamazo zikwana?

Bambo a Mphatso:
Mlongo, mzinda mwaulakwitsa. Kumeneko amakazinga ng'ona, miyendo ya achule, ndipo msuzi wa kamba ndi chakudya cha anthu olemera. Kwathu ku Chikwawa ng'ona ndi imene imadya anthu, uko anthu ndi amene amadya ng'ona. Abambo akangoona menu adzayamba pemphero losala kudya pomwepo.

Nachisale wa ku Metairie:
Achemwali, musamvere a Bambo a Mphatso, nkhaniyi ndi yotheka. Ndakhala ku Metairie, moyandikana ndi New Orleans, zaka 7, ndipo amuna anga ndi a Sabata ngakhale ine ndine wa CCAP.

Poyamba dziwani mayina amene nkhumba imabisalamo. Andouille ndi soseji ya nkhumba yowamba pautsi. Tasso ndi nkhumbanso, yokoleza tsabola, amaidula tizidutswa n'kuponya mumsuzi kuti ununkhire. Boudin ndi nkhumba yosakaniza ndi mpunga. Mukaona gumbo ya nkhuku, msuzi wawo wodyera mpunga, musafulumire kusangalala, nthawi zambiri nkhukuyo ili mumphika umodzi ndi andouille. Jambalaya, mpunga wophika pamodzi ndi nyama, chimodzimodzi. Nyemba zofiira zija amadya Lolemba, ndipo mwambowo akuti unayamba chifukwa Lolemba linali tsiku lochapa: mayi ankatereka nyemba m'mawa, n'kuponyamo fupa la ham (nyama ya nkhumba) lotsala Lamulungu, zizipsa zokha iye ali pa zovala. Ndiye fupalo ndiye mwini ndiwo, simungalichotse. Ngakhale mpiru, umene amayi angauthamangire poganiza kuti ndi masamba chabe, amakonda kuuphika ndi nkhumba. Muffuletta, sangweji yaikulu ya ku Central Grocery ija, muiwaliretu, ndi yodzaza ham ndi salami.

Chokupulumutsani ndi nsomba za mamba, ndipo kumeneko amazidziwa kuphika kwake. Funsani redfish, drum, speckled trout, snapper kapena pompano. Mukaona mawu akuti meunière, ndi nsomba yokazinga yothira batala wofiiritsa ndi ndimu. Amandine ndi yomweyo koma awazapo mtedza wa almond. Palibe chokhumudwitsa mkulu wa mpingo pamenepo. Msampha ndi umodzi: amakonda kuunjika nyama ya nkhanu pamwamba pa nsombayo ngati ulemu, ndiye muneneretu kuti asaikepo. Catfish ndi mlamba, imeneyo ayi.

Pa zotsekemera samalaninso. Bread pudding imabwera ndi sosi wa whiskey kapena rum, koma mutha kupempha yopanda sosi. Bananas Foster, imene inayambira ku Brennan's mu 1951, ndi nthochi zimene amathira rum n'kuyatsa moto pamaso panu. Abambo akhoza kudzuka patebulo.

Membala wobisa dzina:
Achemwali Nachisale, Mulungu akudalitseni, ndalemba zonse pakope. Nanga malo enieni ndi ati? Ndipo woperekera zakudya sadzatopa nane ndikamafunsa mbale iliyonse?

Nachisale wa ku Metairie:
Satopa, anazolowera. Anthu ambiri kuno amatupa thupi akadya nkhanu ndi shrimp, ndiye mukangonena kuti patebulo pali anthu awiri osadya nkhumba ndi za zigoba, amapita kukhitchini kukafunsa. Lembaninso pamene mukusungitsa malo.

Malo a ulemu wachikale ndi Galatoire's, yakhalapo kuyambira 1905, ndipo trout yawo ndi yotchuka. Madzulo amuna amafunika jekete, zomwe abambo aku Makwasa angazikonde. Koma ili pa Bourbon Street, ndipo kuti mufike pakhomo mudzadutsa pakati pa zidakwa ndi zina zimene simungafune kuonera limodzi ndi apongozi. Ngati mwasankha kumeneko, pitani masana ndipo galimoto ikutsitseni pafupi. Ine ndikanakhala inu ndikanapita ku Dooky Chase's.

Mphunzitsi Wopuma:
Pepani ndilowererepo, chifukwa pa zakudya za kumeneko anthu amasakaniza zinthu ziwiri. Creole ndi Cajun si chinthu chimodzi. Creole ndi kaphikidwe ka mumzinda momwemo, kamene kanabadwa mwa Afalansa amene anakhazikitsa New Orleans mu 1718, Aspanya amene anabwera pambuyo pake, ndi anthu akuda amene ndiwo ankagwira mthiko m'makhitchinimo. Muli tomato, batala ndi sosi. Cajun ndi ka kumidzi ya kumadambo cha ku Lafayette, ka anthu olankhula Chifalansa amene Angerezi anawathamangitsa ku Acadia, ku Canada, kuyambira mu 1755. Kumeneko ndiye kwa nkhumba, soseji ndi mphika umodzi. Jambalaya yofiira ya tomato ndi ya Creole, yakuda yopanda tomato ndi ya Cajun. Kwa apongozi anu, mbali ya Creole ndi imene ili ndi zosankha zambiri.

Ndipo mwana wanga, mukawauze amayi kuti gumbo si chachilendo kwa ife. Dzinalo akatswiri ambiri amati linachokera ku mawu otchulira therere m'zilankhulo za ku Angola ndi ku Congo, za mtundu umodzi ndi Chichewa chathu. Ena amalimbitsa msuziwo ndi therere, ena ndi ufa wa masamba a mtengo wa sassafras umene amautcha filé, umene anaphunzira kwa anthu a mtundu wa Choctaw, ndipo pafupifupi onse amayamba ndi roux, fulawa wokazinga m'mafuta mpaka kuda ngati chokoleti. Therere lopanda soda, lodyera mpunga.

Che Mpunga:
Aphunzitsi, mayiwa afunsa kodyera, inu mwatsegula kalasi ya Fomu 4. Koma zoona, za therere sindimadziwa.

Mayi a Mapasa:
Ine ndinene zoona ngakhale zipweteke. Madola 400 pa chakudya cha usiku umodzi, pa anthu amene akadya mpunga amati sitinadye? Mudzawononga ndalama, iwo adzatola tizidutswa mwaulemu, mukafika kogona mayi adzafunsa ngati muli ufa. Ndinawapititsapo amayi anga kumalo odula kuno ku Dallas, anangoyang'ana mbale n'kundifunsa kuti ndiwo zafika, nanga nsima ikubwera nthawi yanji. Tengani nyumba ya Airbnb yokhala ndi khitchini, gulani ufa ku shopu ya zakudya za ku Africa ku Houston konko, nkhuku ziwiri, mpiru, basi. Ndalama yotsalayo muwapatse akagulire feteleza.

Nachisale wa ku Metairie:
Mayi a Mapasa, ufa atenge ndithu, pamenepo tikugwirizana. Koma mwana wamaliza digiri, makolo awoloka nyanja, usiku umodzi wokha mpongozi asakhale pamoto. Akaphika yekha ndiye kuti iye chikondwererocho sadzachiona.

Ndimalize za Dooky Chase's. Ili ku Tremé, dera lakale la anthu akuda, ndipo inatsegulidwa mu 1941. Mayi Leah Chase anaphika pamenepo mpaka anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 96, ndipo banja lawo likuyendetsabe. Nthawi ya tsankho, pamene lamulo linkaletsa azungu ndi akuda kudyera pamodzi, atsogoleri omenyera ufulu monga Martin Luther King Jr. ndi Thurgood Marshall ankakumana m'chipinda cham'mwamba. Obama atapitako anathira tsabola mu gumbo asanalawe, mayiwo anamudzudzula pomwepo. Nkhani imeneyo yokha amayi anu adzaikonda, chifukwa mayi aliyense amadziwa kuwawa kwa mlendo wothira mchere asanalawe. Pamakoma pali zithunzi zojambulidwa ndi anthu akuda, matebulo ndi oyala nsalu zoyera, palibe phokoso la mowa. Nkhuku yawo yokazinga ndi yotchuka kwambiri. Gumbo yawo ili ndi soseji ndi nkhanu, imeneyo idyani inu ndi alamu ngati mumadya. Satsegula tsiku lililonse, ndiye onani masiku awo ndipo sungitsani malo tsopano, chifukwa sabata ya graduation mabanja onse amakhala akusaka matebulo.

Mkulu wa Mpingo, Berrien Springs:
Mayi, zikomo polemekeza chikhulupiriro cha makolo anu. Ndiwonjezere zitatu monga wa mpingo womwewo. Lamulo lake lili pa Levitiko 11: za m'madzi zikhale ndi zipsepse ndi mamba, ndiye zimene atchula a Nachisale zili bwino. Chachiwiri, kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka abambo sadzafuna kugula chakudya, ndipo mwezi wa Meyi kumeneko dzuwa limalowa cha m'ma 7:45 madzulo. Phwando lanu likhale Lachinayi, Lamulungu, kapena Loweruka usiku ndithu. Chachitatu ndi mafuta. Malo ambiri amakazinga nkhuku, nsomba ndi shrimp m'mafuta amodzi. Ena mwa ife sitiwerengera zimenezo, ena amawerengera kwambiri. Musaganizire nokha. Amuna anu awafunse bambo awo pafoni asananyamuke, ndi funso la mwana kwa bambo ake, osati la mpongozi. Akati ayi, itanitsani nsomba yootcha.

Achimwene a Uber:
Za ndalama palibe wayankha. Mtengo wa pa menu si umene mudzalipire. Onjezani msonkho, ndi 10 peresenti kapena kuposerapo pang'ono, kenako tip, ndalama yothokoza woperekera zakudya, ya 18 mpaka 20 peresenti. Pa gulu la anthu 6 malo ambiri amaikiratu tip pa bilu, ndiye werengani musanapereke kawiri. Pa madola 400 anuwo, chakudya chenicheni ndi cha madola ngati 300, munthu aliyense 50. Popeza simukumwa mowa, ku Dooky Chase's mukwanitsa. Ku Galatoire's kapena ku Commander's Palace madzulo mudzakhala mukuwerenga ndi zala pansi pa tebulo. Ndipo bilu isafike m'manja mwa abambo, akaisintha kukhala makwacha chakudya chidzabwerera.

Nangozo:
Musaiwale mandasi! Café du Monde, pafupi ndi Jackson Square, akhala akugulitsa kuyambira 1862. Amawatcha beignet, amabwera atatuatatu, otentha, atakwiriridwa mu shuga wa ufa. Amayi asavale zakuda. Khofi wawo ndi wosakaniza ndi chicory ngati Ricoffy, ndiye apongozi muwaitanitsire mkaka kapena chokoleti chotentha. M'mawa mukapeza grits, limenelo ndi phala la chimanga, koma muneneretu kuti lopanda shrimp ndi bacon. Cornbread ndi chikondamoyo chathu chomwe. Ndipo akayamba kulira nsima pali Bennachin pa Royal Street, amaphika za ku Gambia ndi Cameroon, fufu ilipo. Kuchokera ku Tulane kwerani streetcar (sitima yoyenda mumsewu) ya St. Charles, imadutsa pakhomo penipeni pa sukulupo, abambo adzaikonda kuposa chakudya.

Che Mpunga:
Nanga sangweji ya po' boy palibe woitchula? Ya roast beef ndi ng'ombe yokhayokha, yonyowa msuzi mpaka kuchucha m'zigongono. Ku Parkway ndi kumene ndinadya yabwino. Akakufunsani ngati ikhale dressed akutanthauza letesi, tomato, pickle ndi mayonesi. Kungoti si chakudya chodyera pamaso pa apongozi utavala suti.

Membala wobisa dzina:
Abale, ndabwera kudzathokoza. Amuna anga aimba ku Makwasa dzulo monga munanenera a Mkulu. Abambo akuti za mafuta sakufuna kumva n'komwe, yawo ikhale nsomba yootcha kapena yophika, ndipo afunsa kawiri ngati ili ndi mamba. Amayi akuti nkhuku yokazinga adya, bola ine ndikafunse kukhitchini ndi pakamwa panga. Ndayamba kusaka tebulo ku Dooky Chase's, ndipo ufa ndagula kale makilogalamu 5, Mayi a Mapasa musadandaule.

Koma kwabuka ina. Mlamu wanga, mwini graduation, wanditumizira uthenga kuti zaka ziwiri zonsezi wakhala akudya crawfish ndi anzake, nyengo yake ndi yomweyi, ndipo akufuna tikadye limodzi asanachoke mumzindawo. Makolo ake sakudziwa kuti amadya. Achemwali Nachisale, kodi alipo malo oti ine ndi iye tikazembere masana amodzi, ndipo fungo la m'manja limachoka ndi chiyani?

Nachisale wa ku Metairie:
Ndimu, achemwali, ndimu wambiri, ndipo musavale malaya oyera. Malo ndikuuzani ku inbox, paja mwati alamu ena ali momwemuno.