Adzukulu a Nasibeko: za chikumbutso cha agogo

Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Zachikumbutso cha agogo zafika K610,000. Amene sanaponye akudzidziwa, lero sinditchula maina.

Amalume aku Joni: Zanga ndinatumiza pa Mukuru Lachiwiri. Yang'ana bwino mphwanga.

Tadala: Zanu zafika amalume. Sindikunena inu.

Azakhali: Tichite ngati chaka chatha basi. Shuga, sopo, Sobo, ma t-shirt, tikasangalatse ana amasiye pa Khirisimasi. Amayi ankakonda ana.

Chisomo: Azakhali ndilankhuleko. Chaka chatha tinasonkha K500,000. Minibasi inadya 140, ma t-shirt 120, chakudya chathu chomwe 60. Zimene zinafika m'manja mwa ana ndi K180,000 yokha. Ma t-shirt aja tinavala ndife.

Azakhali: Koma ana anasangalala. Zithunzi zilipo.

Chisomo: Tsiku limodzi, inde. Pomwe mjigo wapafupi ndi sukulu kwathu unafa mu Ogasiti. Anthu abwerera kukatunga kudambo, mvula ili pafupi. Kolera ya 2022 ndi 2023 ija inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tisaiwale msanga.

Mphatso: Zoona, ndinali kumudzi sabata yatha. Mjigowo ndi wa mtundu wa Afridev, makaniko wa mijigo akuti chitsimecho chili bwino, atha ndi marabara, marodi angapo ndi mapaipi awiri. Zonse ndi ntchito yake yomwe akuti K350,000. Sukulu yonse imamwa pamenepo, kuphatikiza mudzi wathu ndi watsidya.

Achimwene Fred: Bullets mawa tikuphwanya munthu, amene ali ku Blantyre tionane

Tadala: Achimwene, ya tikiti ilipo eti?

Achimwene Fred: Ndikuyankha kumbali.

Azakhali: Mjigo ndi ntchito ya boma. Amayi ankakonda ana.

Amalume aku Joni: Alongo, ana omwewo ndi amene akumwa madzi akudambo. Changa n'chimodzi: ndalamazo agwira ndani? Tisadzamvenso ngati za simenti ya chiliza zija.

Bambo aang'ono: Mukutanthauza chani apa?

Amalume aku Joni: Palibe. Ndangofunsa.

Chisomo: Zisadutse m'thumba la munthu. Tadala alipire kusitolo pa Airtel Money, risiti aponye pano. Makaniko alandire theka, theka linalo madzi akatuluka. Komanso komiti ya mjigo ilonjeze pamaso pa amfumu kuti izitoleretsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Marabara satha kamodzi, tikapanda kutero chaka chamawa tidzapezanso wafa.

Mphatso: Zotsalazo, K260,000, bwanji tingopereka ndalama kwa agogo anayi aja akulera ana amasiye? Adzionere okha chosowa.

Bambo aang'ono: Ndalama pamanja? Zithera kachasu.

Mphatso: Agogo Nangozo kachasu? A bungwe la GiveDirectly ku Khongoni ku Lilongwe ankachita kutumiza ndalama pafoni, anthu kugula malata, mbuzi, feteleza. Ife tikupitira munthu Sobo pamene denga likudontha, mbewu alibe.

Azakhali: Ndiye sitipita n'komwe? Opanda pemphero, opanda chithunzi? Amayi ankakonda ana.

Tadala: Tamva azakhali. Ofuna kupita adzilipirire okha thiransipoti, pemphero tikachitira pamjigo pomwepo.

Amalume aku Joni: Ndipo gulani sabata ino. Mukukumbukira Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44%, zimene tinasunga zija zinangosanduka masamba.

Esnart: Pepani ndinalibe bandulo. Mukukambirana zotani?

Tadala: Werenga pamwambapo, kenako utumize K30,000 yako. Otsala ndi iwe, achimwene Fred, ndi ena awiri amene amawerenga mwakachetechete, ma tick akuoneka abuluu.

Bambo aang'ono: Zanga kumapeto kwa mwezi.

Tadala: Mwezi uti bambo?

Mphatso: Makaniko akuti Loweruka ali mpata. Ndimuuze abwere?

Chisomo: Muuze.

Azakhali: Koma masiwiti a ana musaiwale. Ndigula ndekha.