Penti ya 2K ikukana kuuma pa boneti, ndichite bwanji?

Akuluakulu a m'gulu muno, ndithandizeni nzeru. Boneti ya ka Probox kanga inasuwa ndi dzuwa, ndiye Loweruka ndinati ndipopere ndekha kunyumba ku Area 25, poti mnzanga anandibwereka kompresa ndi gani yake yopoperera penti. Ndinagula penti yoyera ya 2K (ija yosakaniza ndi mankhwala olimbitsa otchedwa hardener) ndi hardener wake, koma pa thinner ndalama inaperewera. Ndinangothira zotsala m'kabotolo kena, zomwe ndinkasungunulira penti ya geti chaka chatha.

M'chitini momwemo penti inasanduka ngati chambiko, timibulu tokhatokha. Ndinasefa ndi sokosi ya mayi a kunyumba, eni ake sakudziwa mpaka pano, n'kupopera. Lero Lachiwiri ikumatabe, ukagunda chala chikusiya chidindo, fumbi lonse la mumsewu lakakamira pomwepo. Ndikaimika padzuwa iuma? Kapena ndipopere clear (penti yopanda mtundu yowalitsa) pamwamba?

Wopopera penti ku Biwi: Achimwene, zam'botolozo zimanunkha bwanji?

Wofunsa: Ngati parafini, bwana.

Wopopera penti ku Biwi: Ameneyo ndi turpentine, mnzake wa penti ya gloss yopaka zitseko ndi mageti. 2K siuma ndi mphepo yokha ayi, imalimba hardener akagwirana ndi pentiyo. Turpentine sagwirizana nayo, n'chifukwa chake inaundana. Dzuwa lingoumitsa kakhungu ka pamwamba, pansi phala. Za clear musayerekeze, ndalama ziwonongeka kawiri. Palani yonse ikadali yofewa, mupukute ndi nsanza ya thinner ya NC (nitrocellulose, yosungunula penti mwamphamvu). Samalani isadonthere pa fenda, imadya penti yabwinobwino. Pakauma kwechani ndi sandipepala wa 320, primer, kenako 800 wa madzi. Muyezo werengani pachitini, koma zambiri zimakhala magawo 2 a penti, gawo 1 la hardener, thinner wa 2K pang'ono ngati 10 peresenti.

Mayi wina wa ku Kawale: Nanga kukamwa munavala chiyani? Hardener ameneyo ali ndi isocyanate, amawononga mapapo. Kamasiki kansalu sikatchinga kanthu. Ndipo ana asamayandikire mukamapopera.

Dalaivala wa Sienta: Ine ndinathirako petulo, chitseko chinachita makwinya ngati chikopa cha ng'ona. Koma gani ya eni ake mwatsuka?

Wofunsa: Ayi, ikadali pakhonde ndi penti yake momwemo.

Wopopera penti ku Biwi: Mayo ine! Siyani kaye boneti, masulani ganiyo muiviike mu NC pompano.