Ana akungofooka pa tileningi ndi dzuwa la Okutobalali, madzi tiziwapatsa bwanji?

Kochi Mwale:
Makochi anzanga ndithandizeni msanga. Ndili ndi ana a long distance, anyamata ndi atsikana, zaka 15 mpaka 19, tikukonzekera 10km yomwe ikachitikire kunyanja kumapeto kwa Novembala. Ana amaweruka mochedwa ndiye tileningi imayamba 3 koloko dzuwa lili phwee. Long run ya Loweruka timatsata msewu wa ku Ekwendeni, pobwerera ana akungoyenda, ma split (nthawi za pa kilomita iliyonse) onse abalalika, ena minyewa ya kumbuyo kwa mwendo ikukokana, mtsikana wina wasanza madzi okhaokha atagugudiza botolo lonse pa finish. Dzulo pothamanga mamita 800 mobwerezabwereza wina wangokhala pansi akuti m'maso mwada. Chigubu cha malita 20 ndimabweretsa, chimatha, koma palibe chikusintha. Ngati kuno ku Mzuzu kumene timati nkozizira zikutere, nanga kunyanja? Musandiuze zogula zakumwa za othamanga za m'mabotolo, thumba la kilabu mulibe kanthu. Amwe ochuluka bwanji, nthawi yanji, tiikemo chiyani?

Madala Gondwe:
A Mwale, vuto ndi chigubu chanucho. Mwawazoloweza anawo. Ife nthawi yathu tinkanyamuka m'tauni muno kukatembenukira ku Ekwendeni osalawa ngakhale dontho, ndipo palibe anagwa. Madzi pa tileningi amalemeretsa mimba, amabweretsa kubaya kwa m'nthiti. Wothamanga azolowere ludzu, akamwe kunyumba. Chotsani chigubucho muone ngati salimba.

Mayi Nyirenda (fiziyo):
Madala, ndi ulemu wonse, chigubu chisachoke. Thupi limazolowera kutentha, koma silizolowera kusowa madzi. A Mwale, musanafunse kuti amwe angati, dziwani kaye kuti akutaya angati. Bwerekani sikelo yoimapo, ngakhale ya kuchipinda chogona ija. Mwana akodze, ayezedwe asanayambe long run, akabwera apukute thukuta, avule jezi yonyowayo, ayezedwenso. Kilo imodzi yomwe yasowa ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta, ndiye muonjezerepo zomwe wamwa m'njira. Kukatentha munthu amatha kutaya lita imodzi mpaka awiri pa ola, koma ana anu sangafanane. Mupeza wina jezi yake yauma ndi mizere yoyera ya mchere kumsana, mnzake wothamanga naye limodzi alibe. Akatsika kupitirira 2 pa 100 ya kulemera kwake, monga mwana wa makilo 50 akataya yoposa kilo imodzi, liwiro limayamba kugwa ndipo mtima umagunda kwambiri pa pace yomweyo. Atsikana muwayezere malo obisika, ndipo pakhale mayi.

Kochi Mwale:
Sikelo ndipeza. Koma kamwedwe kake?

Mayi Nyirenda (fiziyo):
Kumwa kumayambira m'mawa, osati pabwalo. Ana ambiri amachoka kunyumba atamwa tiyi yekha, tsiku lonse m'kalasi osamwa kanthu, ena amachita kudziletsa poopa zimbudzi za kusukulu. Akamafika kwa inu 3 koloko amakhala ali kale pangongole. Aliyense akhale ndi botolo lake m'chikwama, ndipo amwe pafupifupi theka la lita maola awiri tileningi isanayambe. Afunseni mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu chakuda, mwanayo wabwera wouma. Pa long run yopitirira ola, pang'onopang'ono mphindi 15 kapena 20 zilizonse, zonse pamodzi mamililita 400 mpaka 800 pa ola, ang'onoang'ono thupi akhale cha ku 400. Akamaliza, lita imodzi ndi theka pa kilo iliyonse yomwe yasowa, koma azimwa momwaza mpaka madzulo pamodzi ndi chakudya. Mtsikana wanu anasanza uja mwina ndi chifukwa chothira botolo lonse m'mimba yomwe magazi ake ali kumiyendo.

Aphunzitsi a Banda:
Za kunyanjazo ndinaziona ndi maso. Chaka china tinatengera ana ku Karonga kumasewera a sukulu, pulogalamu inachedwa, 5000m ya anyamata anaiyika cha m'ma 1 koloko. Ana athu a kuno anayamba bwinobwino, pofika lap yachisanu ndi chitatu mnyamata wathu wodalirika anayamba kutuluka mu lane, kulowera cha ku mpanda. Titamugwira ankatitukwana, mwana woti pasukulu sayankha mphunzitsi. Ena ankati ndi ziwanda, ena ankati amuchita. Nesi wina amene anabwera kudzaonerera mwana wake ndi amene anatikalipira kuti timuvule, timuthire madzi. Tinatha ndowa zingapo tikumukupiza ndi makatoni. Ana a ku Karonga komweko anamaliza mpikisano ali bwinobwino. Ndiye a Mwale, kunyanja si Mzuzu. Mukatsika chitunda cha ku Nkhata Bay mpweya womwe umasintha, thukuta limangoyenderera osauma.

Madala Gondwe:
Mwamva nokha a Banda akunena. Ana a ku Karonga anamaliza bwino chifukwa anazolowera. Ndi zimene ndikunena ine. Kuzolowera, osati chigubu.

Mayi Nyirenda (fiziyo):
Anazolowera kutentha madala, osati ludzu. Munthu akamathamanga kotentha masiku 10 mpaka 14, kuyamba pang'ono nkumaonjezera, thupi limayamba kutuluka thukuta msanga komanso lambiri, mchere wa m'thukutamo umachepa, madzi a m'magazi amachuluka. Ndiye wozolowera kutentha amafuna madzi ambiri kuposa poyamba, chifukwa thukuta lachuluka.

Zomwe anaona a Banda ndi zimene ndimaopa kuposa zonse, ndipo ndikupempha aliyense awerenge bwino apa. Mwana akayamba kusokonezeka mutu, kuyankhula zosamveka, kukwiya popanda chifukwa, kudzandira, mutengeni ngati thupi lake latentha kupitirira madigiri 40 ndipo moyo uli pachiswe. Musadikire kuti khungu liume, ambiri amakhala akadali ndi thukuta. Kuziziritsa kuyambe pomwepo galimoto isanabwere: mthunzi, kuvula, madzi ozizira thupi lonse mosalekeza, kukupiza, nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche nkumasinthasintha. Ngati pali bafa lalikulu kapena tenti yoti mungathiremo madzi nkumugoneka, mutu uli kunja, ndiye bwino koposa. Wina aziitana galimoto ya kuchipatala inu mukuthira. Wokomoka kapena wosokonezeka musamuthire madzi m'kamwa, amatsamwa. Panado pamenepa sathandiza, uku si kutentha kwa malungo.

Chisale (refa):
Ngakhale mpira unavomera. Ku World Cup ya 2014 ku Brazil, masewero a Netherlands ndi Mexico ku Fortaleza anaimitsidwa kuti osewera amwe madzi ndi kuzizirako. Othamanga anzanu ku Doha mu 2019, marathon ya amayi anaiyamba pakati pa usiku pothawa dzuwa, komabe mwa 68 amene anayamba, 28 sanamalize. Marathon ya Olimpiki ya Tokyo anachita kuisamutsira ku Sapporo chifukwa cha kutentha komweku. Amenewo ndi akatswiri okhala ndi madokotala awo. Ife tikuthamangitsa ana pa tara 3 koloko masana. A Mwale, long run ya Loweruka bwanji osaiyamba 5 koloko m'mawa? Loweruka kulibe sukulu.

Kochi Mwale:
Loweruka ndingathe, ngakhale a ku Zolozolo ndi Mchengautuwa makolo sawalola kutuluka kukadali mdima, makamaka atsikana. M'kati mwa sabata ndiye palibe kuchitira mwina, ndikawachedwetsa mpaka 5 amafika kwawo usiku. Nanga za mchere zija, ndiziwapatsa Thanzi?

Mayi Nyirenda (fiziyo):
Thanzi ikhale m'bokosi la first aid, ya mwana amene wafooka koma akuyankhula bwino ndipo akutha kumeza, kapena amene watsegula m'mimba. Paketi imodzi mu lita imodzi, musachepetse madzi pofuna kuti ikhale yamphamvu. Ya tsiku ndi tsiku pa long run pangani nokha: lita imodzi ya madzi, masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira, mchere kota ya supuni yaing'ono. Mukafuna thiranimo Sobo pang'ono kuti ana asanyansidwe, koma mukatero chepetsani shuga. Chotsekemera kwambiri chimachedwa kutuluka m'mimba, ndiye kubaya m'nthiti kumene madala akunena kumabwera. Pa tileningi yosafika ola madzi okha akwanira, mchere akaupeza m'ndiwo. Za kukokana kwa minyewa musangothamangira mchere, nthawi zambiri ndi kutopa, onaninso ngati simunakweze makilomita mofulumira.

Kumwenda:
Koma samalani ndi madziwo kumene mukutunga. Sitinaiwale kolera ya 2022 mmene inavutitsira kunyanja. Gulu lina lomwe ndinayenda nalo linatunga pachitsime cha pafupi ndi malo ogona, kutacha theka la timu lili kuchimbudzi, mpikisano unathera pomwepo. Nyamulani anu kuchokera kuno kapena thirani WaterGuard mudikire mphindi 30. Ndipo kapu imodzi yomwerana gulu lonse ija isiyeni. Madzi oundana a m'timapepala ogula m'mbali mwa msewu, simudziwa anawatunga kuti.

Madala Gondwe:
Shuga, mchere, Sobo, sikelo. Kodi tikuphunzitsa othamanga kapena tatsegula chipatala? Ine ndatulutsa ana amene anakathamanga mpaka ku Blantyre, palibe ndinamuyezapo pasikelo. Thobwa akafika kunyumba, basi. Mwana akadziwa kuti kutsogolo kuli madzi, mtima wake umakhala pa madziwo osati pa mpikisano.

Aphunzitsi a Banda:
Thobwa akamaliza palibe akutsutsa madala, ndi yabwino ndithu, nthochi nazonso. Koma amene ankagwa nthawi yanu mwina simunkawawerenga, ankangosiya kubwera.

Mayi Nyirenda (fiziyo):
Pali mbali imodzi yomwe madala akuyandikira choonadi, ndipo ndiyenera kuitchula kuopa kuti a Mwale angayambe kukakamiza ana kumwa. Madzi ochuluka mopitirira amaphanso. Munthu akamwa kuposa thukuta lomwe akutaya, mchere wa m'magazi umasungunuka, ubongo umatupa. Pa Boston Marathon ya 2002 anayeza magazi a othamanga atamaliza, 13 pa 100 alionse mwa oyezedwawo anapezeka ndi vutoli. Limakonda ochedwa kumaliza, amene amaima pa tebulo lililonse la madzi. Zizindikiro zake zimasokoneza chifukwa zimafanana ndi za kuuma: mutu, nseru, kusanza, kusokonezeka. Kusiyana kwake, uyu mimba yatupa, zala zatupa, pasikelo walemera kuposa mmene anayambira. Mukamuonjezera madzi mwamuonjezera vuto, ameneyo ndi wa kuchipatala. Ndiye lamulo langa kwa ana ndi lakuti palibe amalize tileningi atalemera kuposa poyamba, ndipo amene alibe ludzu asakakamizidwe. Pa 10km yeniyeniyo ana anu amaliza ola lisanakwane, ndiye chachikulu ndi kufika pa start ali ndi madzi okwanira m'thupi. M'njira kamodzi kapena kawiri pakamwa, otsalawo adzithire pamutu.

Chisale (refa):
Onjezanipo mapiritsi. Anyamata ambiri masiku ano akumeza Brufen kapena diclofenac asanathamange kuti asamve ululu, nkutsirizira ndi energy drink. Thupi louma ndi mapiritsi amenewo impso zimavulala. Secheni zikwama.

Kumwenda:
Ndi malungo. Mwana amene anali ndi malungo kapena chimfine chotentha thupi sabata yomweyo asathamange padzuwa, ngakhale alire. Amabisa chifukwa akuopa kuchotsedwa pa list ya ulendo. Afunseni mmodzimmodzi, osati pagulu.

Kochi Mwale:
Zikomo nonse. Mawa ndiyesa sikelo ndi kusakaniza kuja. Chomwe chatsala ndi mmene madzi angafikire ana pamsewu, sindingathamange ndi chigubu pamutu.

Aphunzitsi a Banda:
Pezani wa kabaza mmodzi wokhulupirika, amange chigubu pakaliyala, azikudikirani malo omwe mwagwirizana, pa Luwinga kenako kutsogolo. Chikutireni ndi thumba la saka lonyowa, madzi amakhalabe ozizira. Choyera kapena chachikasu, chigubu chikakhala padzuwa madzi amafunda ana nkumawakana. Ubwino wake wa kabazayo amanyamulanso mwana amene walephera. Kapena siyani msewu waukulu, pangani loop yaifupi yodutsa pomwe pali chigubu, magalimoto a pa M1 nawonso si ocheza.

Madala Gondwe:
Kabaza ndiye mwawaonongeratu. Aliyense azidzati ndatopa kuti akwere. Ine ndanena, mudzandiuza mukadzabwera kunyanjako.

Chisale (refa):
A Banda, wa kabazayo mumamulipira pa ulendo kapena pa mwezi? Ife a ma refa tili ndi fitness test posachedwa, tikufuna zofanana.

Kumwenda:
A Mwale, zinayenda bwanji ndi sikelo ija? Komanso ngati minibasi yanu ya kunyanja ili ndi malo, ndili ndi ana atatu a 5km, tigawane mafuta.

Aphunzitsi a Banda:
Pa ulendo a Chisale, koma mitengo yakwera, mukambirane naye nokha. Alipo amene ali ndi ma spikes a size 6 oti tibwereke sabata ya mawa?